Nthawi m'Manja mwa Wolemba Nkhani

Anzathu, tinayamba ndi zilembo, tinafika pa mau, ndipo lero tikuwerenga nkhani zathunthu. Pakati pa nkhani zimenezi, zina timazisiya pakati osadandaula. Koma zina zimatigwira. Nyali ikutha mafuta, maso akulemera, mawa kuli nchito kumunda kapena panyanja, koma munthu akuti, "Nditsirizeko tsamba ili lokha." Kodi wolemba wamugwira ndi ciani?

Ambiri amayankha kuti wolemba wabisa mathero. Yankho limeneli ndi loona pang'ono cabe. Alipo mabuku amene amaulula mathero pacikuto penipeni, komabe mtima wa wowerenga umakhala m'mwamba mpaka tsamba lomaliza. Cida cacikulu ca wolemba ndi nthawi. Iye amasankha poyambira nkhani. Amasankha pothamanga ndi pocedwa. Amasankhanso zimene tidziwe msanga ndi zimene tidikire. M'phunziro lino tiona mmene olemba ena a dziko lathu la Moçambique, ndi mmodzi wa ku Malawi, anagwiritsira nchito cida cimeneci. Tiweruzanso pamene anacita bwino ndi pamene nchito yao inafooka.

1. Nkhani ili ndi nthawi ziwiri

M'nkhani iliyonse muli nthawi ziwiri. Yoyamba ndi nthawi ya zocitika, ndiye kuti maola, masiku kapena zaka zimene anthu a m'nkhanimo anapyolamo. Yaciwiri ndi nthawi ya kusimba, ndiye kuti mau ndi masamba amene wolemba wagwiritsa nchito pofotokoza zocitikazo. Nthawi ziwirizi siziyenda limodzi.

Tiyeni tipeke citsanzo. Munthu wacoka ku Cóbuè kupita ku migodi ya ku Joni. Wolemba angathe kulemba kuti, "Anakhala ku Joni zaka khumi." Zaka khumi zathera m'mau asanu. Tsopano munthu uja wabwera. Watsika m'ngalawa, akuyenda kulunjika kunyumba kwake, ndipo sakudziwa ngati mkazi wake anamudikira. Kucokera pagombe kufika pakhomo ndi ulendo waufupi, woti madzi a pamoto sangawire. Koma apa wolemba wanzeru sathamanga. Amuimika munthuyo pansi pa mtengo wa mango. Amuonetsa ukonde wacilendo woyanika pabwalo. Amumvetsa mau a mwana amene iye sakumudziwa. Munthuyo akuti, "Odi!" koma palibe woyankha. Kanthawi kakang'ono kadya masamba atatu, ndipo ife owerenga taima naye pakhomopo, mtima ukugunda.

Conco wolemba amadumpha zosafunika, koma pamene pali cinthu coti munthu apeze kapena ataye, amacedwa dala.

Kwa ife a m'mbali mwa nyanja zimenezi si zacilendo. Pokoka khoka, aliyense amene waima pamcenga amadziwa kuti ukonde ufika kumtunda. Cimene sadziwa ndi za m'kati mwake, n'cifukwa cake maso onse amakhala pamadzi pamene zingwe zikubwera pang'onopang'ono. Ngati kunyumba kuli ndiwo zokwanira, kudikirako n'kopepuka. Koma ngati mwera waomba sabata yathunthu, ndipo ana adya nsima ya cinangwa ndi masamba okhaokha, mkono uliwonse wa cingwe umalemera. Nkhani nayonso imafuna zinthu ziwiri zomwezi: kudikira, ndi kanthu kamtengo wapatali kamene kali kumapeto kwa kudikirako. Cimodzi cikasowa, owerenga amagona.

2. Agogo athu ankazidziwa kale

Luso limeneli silinayambe ndi mabuku. Agogo akamati "Padangokhala," ife n'kuvomera kuti "Tili tonse," amakhala atatenga nthawi m'manja mwao. Taonani mmene nthano zambiri zimayendera. Cinthu sicicitika kamodzi. Woyamba ayesa, alephera. Waciwiri ayesa, alepheranso. Pofika wacitatu, ife tadziwa kale njira yonse ndi ngozi yake, ndipo tikumuopera.

Taonaninso pamene agogo amaika nyimbo. Saiika pamene zinthu zili bwino. Amaiika pamalo oopsa. Mwana ali pamwala pakati pa madzi. Madzi afika m'mapazi, mwana aimba. Afika m'maondo, aimbanso. Afika m'khosi, ndipo agogo akuti tivomere nyimbo yonse osadumpha. Nyimboyo ikuimitsa nkhani pamene ife tikufuna kuti ithamange. Tikudziwa kuti Kalulu safa m'nthano, komabe tikamva kuti wagwidwa timasendera pafupi ndi moto kuti timve mmene apulumukire.

Anthu a maiko ena nawonso anadziwa zimenezi. Aluya ndi Aperisiya ali ndi nthano zakale za usiku 1001. M'menemo muli mfumu imene inkakwatira mkazi madzulo ndi kumupha m'mawa. Mkazi wina dzina lake Shahrazad anapulumuka mwa kusimba nthano usiku uliwonse ndi kuisiya pakati kukamaca. Mfumu inkafuna kumva mathero, motero inkamusiya ndi moyo tsiku linanso. Mkaziyo anadziwa poimira, ndipo kudziwa kumeneko kunasunga moyo wake.

3. Masana amodzi m'munda wa atsamunda

Tsopano tifike pa mabuku. Luís Bernardo Honwana anabadwa m'caka ca 1942 mu mzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo, ndipo anakulira ku Moamba. M'caka ca 1964 anatulutsa buku la nkhani zazifupi zisanu ndi ziwiri m'Cipwitikizi, dzina lake Nós Matámos o Cão-Tinhoso. Caka comweco nkhondo yomenyera ufulu inayamba, ndipo caka comweconso apolisi acinsinsi a atsamunda, a PIDE, anamutsekera m'ndende. Anatuluka m'caka ca 1967. Bukulo linamasuliridwa m'Cingerezi m'caka ca 1969 ndipo linawerengedwa m'maiko ambiri a mu Africa.

Imodzi mwa nkhanizo mutu wake ndi "Dina." Liwu limeneli likutanthauza nthawi ya masana imene anchito amapuma ndi kudya. Zocitika zonse za m'nkhaniyi zimatenga maola ocepa cabe, kuyambira dzuwa litafika pamutu mpaka anchito atabwerera m'munda.

Nkhani imayamba ndi nkhalamba, Madala, atawerama m'munda wa cimanga wa mzungu, akuzula udzu. M'mimba mukumupweteka. Dzuwa likumuocha pamsana. Nthawi yopuma yakwana, koma kapitawo wacizungu sanalamule kuti aleke, ndipo Madala sangaweramuke kapitawoyo akuona. Pa masamba oyambawa palibe cacikulu cocitika. Munthu wangowerama, akudikira. Madala alibe wochi, conco amayesa nthawi powerenga madontho a thukuta amene akugwa kucokera pamphuno pake kugwera pakamwala. Apa Honwana anacita bwino kwambiri. Akanatha kulemba mzere umodzi wakuti anchito ankazunzika. Tikanavomera ndi mutu, n'kuiwala. M'malo mwake watiweramitsa pamodzi ndi nkhalambayo, ndipo tikamamva kapitawo akulamula kupuma, ifenso msana watipweteka. Watiphunzitsanso cinthu cina osacichula: m'munda uwu ngakhale nthawi ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo si Madala.

Pa nthawi yopuma pabwera Maria, mwana wamkazi wa Madala, kudzaona bambo wake. Ife owerenga tikudziwa kuti ndi mwana wake. Anchito onse akudziwa. Kapitawo yekha ndiye sakudziwa. Kapitawoyo alankhula ndi Maria, alowa naye m'cimanga, amucita zamanyazi, bambo wake akuona. Taonani mmene wolemba wagawira kudziwa. Watipatsa ife cimene wamubisira kapitawo. Motero funso latsopano labadwa m'mitima mwathu: kodi cicitike n'ciani coonadi cikaululika?

Coonadi ciululika. Kapitawo adziwa kuti Madala ndi bambo wa Maria. Anyamata a pamundapo akwiya, ndipo maso ao onse ali pa nkhalambayo. Akudikira cizindikiro cimodzi cokha kuti adzuke. Uku ndi kudikira kwaciwiri. Poyamba Madala ankadikira kapitawo. Tsopano munda wonse, ndi kapitawo yemwe, ukudikira Madala. Kwa kanthawi kocepa nthawi yalowa m'manja mwa nkhalamba ija. Kapitawo ampatsa botolo la vinyo. Madala alandira, amwa, ndipo anthu abwerera ku nchito.

Owerenga ena amakhumudwa ndi mathero amenewa. Amati wolemba watikokera cingwe nthawi yonseyi, koma ukonde wafika wopanda kanthu. Ife sitikugwirizana nao. Madala akanadzuka ndi kumenya kapitawo, mtima wathu ukanatsika, tikanatseka buku titakhuta. Koma Honwana anakana kutitsitsa mtima. Mkwiyo umene anauunjika tsamba ndi tsamba sunathere m'nkhani, watsala mwa wowerenga. Tikumbukire kuti ankalemba pansi pa ulamuliro wa atsamunda, pamene munthu wodzuka yekha pamunda ankadziitanira imfa, n'kuitaniranso anzake. Nkhalamba imene yaona zambiri inkadziwa zimenezo. Funso lakuti, "Nanga tidzadzuka liti?" wolemba analisiya m'manja mwa anthu a m'caka ca 1964.

Komabe pali cimene tingadandaule. Nthawi yambiri wolemba waipereka kwa Madala ndi kwa amuna anzake. Tikudziwa ululu wa m'mimba mwa bambo, koma za mumtima mwa Maria tikumva zocepa. Amene walakwiridwa koposa ndiye wapatsidwa masamba ocepa. Amai a m'kalasi mwathu angafunse kuti, "Nkhaniyi ikanasimbidwa ndi Maria, ikanacedwa pati?" Funso limenelo n'loyenera, cifukwa pamene wolemba wacedwa m'pamene waika mtima wake.

4. Mathero olembedwa pacikuto

Nkhani yoyamba ndi yaitali koposa m'buku lomweli ndi imene inapatsa bukulo dzina. M'Cinyanja dzinalo tingati, "Tinapha galu wa nkhanambo." Tisanatsegule buku tadziwa kale kuti galu anafa, ndipo tadziwa kuti osimba nkhani ndiwo anamupha. Palibe cobisika. Nanga cifukwa ciani timawerengabe?

Wosimba nkhani ndi mnyamata wa sukulu, Ginho. M'tauni mwao muli galu wokalamba, wa zilonda, wa maso obiriwira ngati kumwamba, amene anthu onse amanyansidwa naye. Mtsikana mmodzi yekha, Isaura, ndiye amamukonda ndi kumugawira cakudya. Akuluakulu a boma agamula kuti galuyo aphedwe, ndipo nchitoyo aipereka kwa anyamata. Anyamatawo, motsogozedwa ndi Quim, atenga mfuti, ammanga galuyo cingwe ndi kupita naye kuthengo. Ginho amamumvera cisoni galuyo, koma akuopa kusekedwa ndi anzake. Ndipo iye ndi amene auzidwa kuti aombere coyamba.

Popeza tikudziwa mathero, funso lathu lasintha. Sitikufunsanso ngati galu afa. Tikufunsa kuti, kodi mwana wa mtima wofewa ngati uyu afika bwanji pocita cinthu cotere? Tsamba lililonse limene Ginho akuonetsa cifundo limatipweteka, cifukwa tikudziwa kumene cifundoco cikathere. Wolemba amabwereza za maso a galuyo kawirikawiri, monga agogo amabwerezera nyimbo, ndipo kubwereza kulikonse kumabwera imfa itasendera pafupi. Ulendo wa kuthengo amaukoka. Nthawi yogwira mfuti amaikokanso. Zitatha zonse, nkhani imabwerera kusukulu, kumene anyamata akukamba za maphunziro ao ngati palibe cinacitika. Kubwerera msanga kumeneko kumationetsa mmene anthu amazolowerera nkhanza.

Wolemba wina wa dziko lathu, Ungulani Ba Ka Khosa, anayenda njira yofanana m'buku lake Ualalapi la m'caka ca 1987. Bukuli likunena za Ngungunhane, mfumu ya ku Gaza. Aliyense amene anaphunzira mbiri akudziwa kuti Apwitikizi anamugwira ku Chaimite m'caka ca 1895, ndipo anafera kutali, pa zisumbu za Açores, m'caka ca 1906. Wolembayo sanayese kubisa zimenezi. Pakati pa zigawo za buku anaikamo tizidutswa tonena za mapeto a ufumuwo. Motero pamene tikuwerenga za mphamvu za mfumu ndi za anthu amene inawapha, kugwa kwake kumakhala kuli pafupi m'maganizo mwathu.

Phunziro lake ndi lakuti kudziwa mathero sikupha nkhani. Kawirikawiri kumaipatsa mphamvu. Munthu amene waona ng'ona m'bango, n'kuona mwana akutsikira kudooko, amavutika mtima koposa amene sanaone kanthu.

5. Zingwe ziwiri, ukonde umodzi

Njira ina ndi kusimba nkhani ziwiri mosinthanasinthana. Mia Couto, amene anabadwira ku Beira m'caka ca 1955, anacita zimenezi m'buku lake Terra Sonâmbula. Linatuluka m'caka ca 1992, caka cimene pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala, kutsiriza nkhondo ya paciweniweni.

M'nkhani yoyamba muli nkhalamba Tuahir ndi mnyamata Muidinga. Akuthawa nkhondo, ndipo abisala m'basi yopserera pamsewu. Muidinga anadwala kwambiri mpaka anaiwala zonse za kale. Sadziwa makolo ake, sadziwa kwao. Pafupi ndi basiyo apeza mtembo wa munthu ndi sutikesi, ndipo m'sutikesimo muli makope olembedwa pamanja. Mwini makopewo dzina lake ndi Kindzu. Mnyamatayo amatha kuwerenga, motero amawerengera nkhalamba ija.

Nkhani yaciwiri ndi ya m'makopewo. Kindzu akusimba za ulendo wake, ndi za mai wina, Farida, amene anamupempha kuti akamufunire mwana wake wotayika, Gaspar. Buku lonse limayenda motere: gawo limodzi la pamsewu, kope limodzi la Kindzu, kenaka pamsewu, kenaka kope lina.

Taganizani zimene kamangidwe aka kamacita mumtima mwa wowerenga. Uku kuli mwana amene sadziwa makolo ake. Uko kuli mai amene akufuna mwana wake. Wolemba sanena kanthu, koma ife tayamba kale kulumikiza. Khoka lili ndi zingwe ziwiri. Magulu awiri amayamba kukoka atatalikirana, ndipo pang'onopang'ono amasenderana mpaka akumana pamalo amodzi. Bukuli linamangidwa comweco. Pa masamba omaliza, m'masomphenya a Kindzu, muoneka mnyamata atanyamula makope ake, ndipo Kindzu amuitana ndi dzina la mwana wotayika uja. Zingwe ziwiri zakumana.

Palinso phindu lina. Nthawi iliyonse imene wolemba wasiya nkhani imodzi ndi kupita ku inzake, amatisiya tili ndi njala, monga ankacitira Shahrazad. Ndiponso kuyambira pa tsamba loyamba timaganiza kuti mtembo uja ndi wa mwini makope. Motero pamene Kindzu akulemba za ciyembekezo cake, ife tikukumbukira basi yopserera ija.

Koma njira imeneyi ili ndi ngozi yake, ndipo bukuli silinaipewe kotheratu. M'makope a Kindzu muli anthu ambiri ndi tinkhani tambiri ta m'mbali. Pena wowerenga amayenda masamba ambiri osamva za Gaspar, ndipo cingwe cimodzi cimakhwepa. Asodzi amadziwa kuti gulu limodzi likakoka mofulumira, lina n'kumacedwa, ukonde umapendekeka ndipo nsomba zimathawa. Tinkhani ta m'mbalito n'tokoma patokha, ndipo timaonetsa mmene nkhondo inamwazira anthu. Komabe wowerenga watsopano angasocere. Tikunena izi kuti amene adzayese njira ya nkhani ziwiri adziwe kuti ndi yovuta.

6. Njira yoongoka

Si nkhani zonse zimene zimaseweretsa nthawi. Zina zimayenda molunjika, kuyambira kubadwa mpaka kufa. Citsanzo cake m'cinenero cathu ndi Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara wa ku Malawi. Linatuluka m'caka ca 1933 litapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi m'caka ca 1934 ndi dzina lakuti Man of Africa. Bukuli limatsata moyo wa munthu mmodzi: ubwana wake, unyamata wake wovuta, ulendo wake wokafuna nchito kutali, kubwerera kwake, kulowa kwake m'Cikhristu, ndi kukhala kwake mfumu ya mudzi.

Njira yoongoka ili ndi ubwino wake. Wowerenga sasocera. Amaona munthu akukula, ndipo amaphunzira za miyambo ndi moyo wa pamudzi wa masiku amenewo. Cimene cimakoka mtima ndi funso limodzi lalitali: kodi munthu uyu adzasintha? Koma kufooka kwake kulinso pomwepo. Moyo wonse ukamasimbidwa ndi liwiro limodzi, zazikulu ndi zazing'ono zimaoneka zofanana. Ndipo munthu uja akangosintha, funso layankhidwa, masamba otsala sakokanso mtima monga oyamba. Tikayerekeza, "Dina" imatenga maola ocepa koma siticoka pampando, pamene Nthondo amatenga moyo wathunthu ndipo tingathe kumuika pansi ndi kumutenganso mawa. Izi sizitanthauza kuti Nthondo ndi buku lacabe. Ndi limodzi mwa mabuku oyamba a nkhani zopeka m'cinenero cathu, ndipo amene anabwera pambuyo anaphunzirapo. Tikungoona kuti kutalika kwa zocitika sikubweretsa mphamvu pakokha.

7. Nanga ife?

Zonsezi zikutikhudza pa zifukwa ziwiri.

Coyamba, ifenso tili ndi nkhani. Kucokera ku Meluluca, kudzera ku Metangula ndi Messumba, mpaka ku Cóbuè, kuli anthu amene anaona cibalo. Kuli amene anaona nkhondo yomenyera ufulu kuyambira 1964 mpaka 1974, ndi nkhondo ina imene inatha mu 1992. Kuli amene anawoloka nyanja usiku kuthawira ku Likoma, ku Malawi kapena ku Tanzania. Mabuku atatu a olemba a Moçambique amene tawaona analembedwa m'Cipwitikizi, ndipo zocitika zake si za kunyanja kuno. Nkhani zathu zambiri zikadali m'kamwa mwa akuluakulu, ndipo akuluakuluwo akutha. Ngati tidzazilemba mosasamala, ana athu adzawerenga masamba awiri n'kusiya, ndipo zidzatayika ngakhale zili papepala.

Conco amene akufuna kulemba adzifunse mafunso awa asanagwire pensulo. Kodi munthu wa m'nkhani yanga ataya ciani zinthu zikalakwika? Kodi ndiyambire pati? Nkhani ya kuwoloka nyanja siyenera kuyambira pa kubadwa kwa wopalasa. Ingayambire pamene bwato lacoka pagombe ndipo khanda layamba kulira. Kodi ndi zaka ziti zimene ndingadumphe ndi mzere umodzi? Kodi ndi mphindi iti imene ndiyenera kuipatsa tsamba lathunthu? Kodi owerenga ndiwauze ciani cimene anthu a m'nkhanimo sakudziwa? Ndipo kodi ndilekere pati?

Caciwiri, luso limeneli lili ngati mpeni. Limasenda cinangwa, limacekanso cala. Wabodza ndi wofalitsa mphekesera nayenso amadziwa kucedwa pamalo oopsa, kubisa zina ndi kukuza zina. Munthu amene wadziwa mmene nkhani imamangidwira sakokedwa ngati mbuzi. Akamva mtima wake ukuthamanga, amatha kuima ndi kufunsa kuti, "Kodi wosimbayu wadumpha ciani? Wacedwa pa za yani? Ndani amene sanapatsidwe mpata wolankhula?" Funso lomwe tinamufunsa Honwana pa za Maria tingamufunse aliyense amene akutisimbira nkhani, kaya m'buku, pawailesi, pafoni kapena pamsonkhano.

Mafunso okambirana m'kalasi

1. Fotokozani ndi mau anuanu kusiyana kwa nthawi ya zocitika ndi nthawi ya kusimba.

2. M'nkhani ya "Dina" muli kudikira kuwiri. Ndani akudikira yani poyamba? Nanga pomaliza?

3. Kodi mukuganiza kuti Madala anacita bwino kulandira vinyo uja? Mverani maganizo a acikulire, ndipo mumverenso a acinyamata.

4. Kumbukirani nthano imodzi ya kwanu imene ili ndi nyimbo. Kodi nyimboyo imabwera pamalo otani? Imabwerezedwa kangati?

5. Sankhani cinthu cimodzi cimene cinacitika m'mudzi mwanu. Mmodzi acisimbe kuyambira paciyambi. Wina acisimbe atayamba waulula mathero. Kambiranani njira imene yakugwirani mtima koposa, ndipo munene cifukwa cake.

6. Nchito ya kunyumba: lembani mizere khumi yonena za munthu amene akudikira bwato limene lacedwa kubwera. Zonse zicitike m'ola limodzi. Sabata ya mawa aliyense adzawerengera anzake.